Wopeka, woyimba, woliza gitala: ntchito zitatu za munthu mmodzi, ndi mmene ndalama yake imayendera

Woyimba wotchuka akagonekedwa m'chipatala, n'kumveka kuti achibale akupempha akufuna kwabwino kuti athandize, funso limene limabuka m'minibasi ya ku Monkey Bay, pa depoti ya Mangochi ndi pa Facebook limakhala limodzimodzi: munthu amene nyimbo zake zimalira m'mabala ndi pa wayilesi tsiku lililonse, ndalama zake zinalowera kuti? Wina amati anamwera. Wina amati mwini bandi ankamudyera masuku pamutu. Winanso amaloza chala ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Pena pake zoona zimakhalapo, koma mayankho oterewa amathamanga, chifukwa amamuona woyimbayo ngati munthu wa ntchito imodzi.

Munthu amene amapeka nyimbo zake, n'kuziyimba yekha, gitala ili m'manja, bandi ili kumbuyo, akugwira ntchito zitatu pakamodzi. Iliyonse ili ndi mbiri yake, malamulo ake ndi njira yake yobweretsera ndalama, ndipo n'zotheka kutchuka pa imodzi uku zinazo zikukulowetsa pansi. Tisanazimasule, tigwirizane kaye za mtundu wa nyimbo zimene tikunena.

Nyimbo za kwathu ndi ziti?

Pano sitikunena za gule wa pabwalo, monga beni kapena manganje amene timavina kuno anyamata akamatuluka ku ndagala. Sitikunenanso za nyimbo zimene mnyamata amapanga yekha pa kompyuta m'chipinda chake. Tikunena za zapakati: nyimbo zimene kamvekedwe kake ndi nkhani zake zachokera m'mudzi, koma zikuyimbidwa ndi zida zobwera, makamaka gitala ndi banjo. Achinyamata amangoti lokolo.

Zidazi zinalowa ndi anthu oyenda. Asilikali a King's African Rifles obwerera ku nkhondo imene inatha mu 1945, komanso amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia, ankabwera ndi magitala, mabanjo ndi magalamafoni. Zala zimene zinazolowera zida za makolo za nsambo, bangwe ndi kaligo, sizinaiwale; zinangosamutsira kayimbidwe komweko pa nsambo zatsopano. N'chifukwa chake gitala ya Mmalawi wakale imamveka ngati ikudziyankha yokha: chala chachikulu chikuyendetsa nsambo za mawu aakulu, chala cha mkombaphala chikutola nyimbo pa nsambo zazing'ono, ngati anthu awiri. Ena, monga Ndiche Mwarare, ankagoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza kanthu kosalala pa nsambo, kayimbidwe kotchedwa hauyani.

Abale awiri a m'mudzi wa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anakhalako ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ali ana, ndipo anabwerako ndi kwela, nyimbo za chitoliro ndi gitala zochokera m'misewu ya ku South Africa. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre n'kuyamba kuwajambula, ndipo patapita zaka zochepa Daniel anali akuyimba ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987. Ku Thyolo kunali Allan Namoko, wosaona, ndi Chimvu River Jazz Band yake ya banjo ndi ng'oma zopanga okha. Mabandi ambiri a nthawi imeneyo ankadzitcha "jazz band" ngakhale kuti jazi ya ku America analibe nayo ntchito.

Kenako kunabwera rege. Ya ku Balaka inakulira mu Alleluya Band ya Paul Banda. Ya ku Chileka inadziwika ndi Evison Matafale ndi Black Missionaries. Apa ndi pamene anthu amasiyana. Ena amati rege ndi ya ku Jamaica, ingayimbidwe m'Chichewa chotani. Ena amati nyimbo imene agogo ku Namwera amaiyimba pamtondo yasanduka yathu basi. Oweruza mlanduwu azikumbukira kuti beni, amene kuno timamunyadira ngati gule wa makolo, anayamba potsanzira perete wa asilikali a atsamunda, mayunifolomu ndi maudindo omwe. Kubwereka sikunayambe lero.

Woliza gitala

Ambiri amayambira pa gitala ya chigubu: chitini cha mafuta ophikira, thabwa losema ndi chikwanje, nsambo za waya wa buleki ya njinga, timisomali tomangira. Imakhala ndi nsambo zitatu kapena zinayi, ndipo imasokonekera mawu dzuwa likangotentha, motero mwana amaphunzira kutchera ndi khutu asanaphunzire china chilichonse. Gitala yeniyeni amakaigwira koyamba kutchalitchi kapena kwa mkulu wina wa bandi, amene amayamba wamutuma kunyamula masipika kwa miyezi.

Mu bandi muli magitala atatu: besi, ridimu ndi lidi. Wa lidi ndi amene amaliza kachidutswa kaja kamene anthu amakazindikira nyimbo isanayambe n'komwe, kamene kamadzutsa anthu pamipando. Koma mwa chizolowezi cha kuno, woliza gitala akaitanidwa ku situdiyo amalipidwa kamodzi, tsiku lomwelo, nkhani n'kuthera pompo. Nyimboyo ikalira zaka makumi awiri, dzina lotchulidwa ndi la woyimba. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene oliza gitala aluso amalimbikira kuyamba kupeka ndi kuyimba zawo, ngakhale mawu awo atakhala osakoma kwenikweni. Ena amatuluka m'dziko: Erik Paliani anapita ku South Africa, kumene anagwira ntchito ndi Hugh Masekela.

Kiyibodi itafala m'zaka za m'ma 1990, munthu mmodzi ku situdiyo anayamba kuyimba ng'oma, besi ndi malipenga pa chida chimodzi. Kujambula kunatchipa, oyimba anachuluka, koma ntchito ya oliza zida inachepa, ndipo nyimbo zambiri za nthawi imeneyo zinayamba kumveka mofanana.

Bandi ndi ya ndani?

Aliyense wa kuno amadziwa mmene chilimira imayendera. Pali mwini boti, injini ndi ukonde, ndiye pali alovi amene amagwira ntchito usiku wonse panyanja. Usipa ukagulitsidwa, amayamba achotsa za mafuta, zotsalazo n'kugawana, mwini zida mbali yake, alovi mbali yawo. Tsiku lopanda nsomba mlovi amapita kwawo chimanjamanja, mwini zida amatsala ndi ngongole ya mafuta. Ndipo mlovi angakhale katswiri chotani, akayambana ndi bwana, ukonde sapita nawo.

Bandi imayenda chimodzimodzi. Chimene chimapanga bandi si anthu okha ayi, koma zida: magitala, ng'oma, zokuzira mawu, mikisa, jenereta, nthawi zina ndi galimoto. Zonsezi n'zogula kunja, ndipo mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. Mwini zida ndiye mwini dzina, ndiye amakambirana ndi oitana, ndiye amagawa ndalama. Funso loyamba pa mbiri ya woyimba aliyense liyenera kukhala lakuti: zida zinali za ndani?

M'nthawi ya chipani chimodzi, zida zabwino zinali za mabungwe. MBC inali ndi bandi yake, apolisi ndi asilikali analinso ndi zawo, mahotela ena chimodzimodzi. Woyimba ankalandira malipiro pamwezi ngati kalaliki, koma ankayimba zimene bwana walola, ndipo bungwe lopima zosangalatsa, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linali tcheru. Njira yachiwiri inali mpingo. Alleluya Band inayamba mu 1978 ku Balaka mothandizidwa ndi wansembe wa Chikatolika wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, ndipo inasanduka sukulu: Lucius Banda, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo onse anadutsa mmenemo. Njira yachitatu ndi ya woyimba amene wakula mpaka kugula zida zake, monga anachitira Lucius Banda poyambitsa Zembani Band mu 1997. Apa woyimba wasanduka bwana, ndipo madandaulo amene iye ankanena kale ayamba kunenedwa za iye.

Palinso bandi ya pabanja. Matafale atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, ambiri ankayesa kuti Black Missionaries yatha. Inapitirira ndi ana a Robert Fumulani, amenenso anali woyimba wotchuka, poyamba motsogozedwa ndi Musamude, ndipo iye atamwalira mu 2007, ndi Anjiru. Zimbale zawo zinapitiriza dzina lomwe lija la Kuimba, nambala yokha ikusintha. Mabandi ochepa kwambiri m'Malawi muno apirira imfa ya mtsogoleri chotere. Ambiri amabalalika zida zikangolowa m'chuma cha masiye.

Nyimbo ndi ya ndani?

Apa ndi pamene chisokonezo chimakula, chifukwa chimene timachitcha "nyimbo" pamaso pa lamulo ndi zinthu zingapo.

Choyamba ndi chopekacho: mawu ndi kamvekedwe. Mwini wake ndi wopeka, ndipo umwiniwo umayamba pamene nyimbo yapangidwa, osati pamene yalembetsedwa. Umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira, motero ana ndi adzukulu ali ndi gawo. Chachiwiri ndi chojambulidwacho, mawu enieni amene anatuluka mu situdiyo tsiku lakutilakuti. Ichi kawirikawiri mwini wake ndi amene anakonza ndi kulipira kujambulako. Chachitatu ndi ufulu wa amene anayimba ndi kuliza zida. Munthu mmodzi atha kukhala nazo zonse zitatu, athanso kukhala ndi chimodzi chokha. Woyimba amene tonse timamudziwa ndi nyimbo inayake mwina sanaipeke, ndipo mwina situdiyo anamulipirira ndi munthu wina. Wopeka amene sitinamuonepo nkhope atha kumadya nawo ali phee kwawo.

Lamulo loteteza umwini wa zaluso linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo mu 2016 linalowedwa m'malo ndi latsopano. COSOMA inayamba ntchito mu 1992. Ntchito yake ndi yotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pa malonda awo, monga mawayilesi, mahotela, mabala ndi malo a zisangalalo, n'kugawira eni ake. Mwini loji ku Cape Maclear sangayende kufunafuna wopeka aliyense amene nyimbo yake yalira pa bala. Amalipira chiphaso chimodzi, bungwelo n'kugawa. Kuti wopeka alandire, ayenera kukhala membala, nyimbo zake zikhale zolembetsedwa, ndipo pakhale umboni woti zinaseweredwa. Umboniwu umachokera makamaka ku ndandanda imene mawayilesi amalemba. Wayilesi ikachedwa kulipira, kapena ikapanda kulemba bwino, wopeka alibe chake ngakhale dziko lonse likuyimba nyimbo yake.

Kwa oyimba za kwathu pali mfundo ina yovuta. Lamulo limati umwini wa nyimbo, nthano ndi magule a makolo uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Tsono tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Malindi watenga nyimbo ya manganje imene aliyense amaidziwa, waikira gitala, wawonjezera ndime ziwiri zake, yatchuka. Zimene wawonjezerazo ndi zake. Nanga kolasi ija, imene ndiyo ikuvinitsa anthu? Iye sanaipeke, ndipo amene anaipeka palibe akumudziwa. Mnzake wa ku Makanjira akaijambulanso mwa njira yake, woyambayo sanganene kuti wamubera. Mikangano yambiri ya "wandibera nyimbo" imayambira pamenepa, pa chinthu chimene onse awiri anachitola pabwalo.

M'bandi momwemo nkhani siyichepa. Woyimba amabwera ndi mawu ndi kamvekedwe, wa besi n'kupeza mayendedwe ake, wa lidi n'kuyika kachidutswa kaja. Kodi onsewa ndi opeka? Mabandi ena kunja amagwirizana kulemba mayina onse. Kuno kawirikawiri palibe cholembedwa chilichonse, ndipo nkhaniyi imakumbukiridwa ndalama ikabwera kapena chibale chikatha.

Kuchoka pa kaseti kufika pa foni

Kwa zaka zambiri, malo odalirika ojambulira anali MBC, imene inalinso wayilesi yokhayo m'dziko muno. Woyimba ankajambulidwa, n'kumveka dziko lonse, koma analibe choti agulitse. Zinthu zinasintha ndi kaseti, makamaka ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994. Masitudiyo ang'onoang'ono anatseguka, kuphatikizapo ya Paul Banda ku Balaka, ndipo ogulitsa monga O.G. Issa ku Limbe ankafalitsa makaseti mpaka m'misika ya kumidzi. COSOMA inkamata kachizindikiro pa kaseti iliyonse yovomerezeka, zimene zinkathandiza kuwerenga kuti zapangidwa zingati. Oyimba ambiri amakumbukira nyengo imeneyi ngati nthawi imene chimbale chinkamanga nyumba, ngakhale kuti madandaulo a mitengo yotsika ndi makaseti achinyengo analipo kale.

Kompyuta inathetsa zonsezi mwakachetechete. Pitani mumsika wa Mangochi kapena pa Makawa: kakiyosiki, mnyamata, kompyuta yakale, sipika ikulira pakhomo. Mumamupatsa memori khadi, amakudzazirani nyimbo mazanamazana pa mtengo wosakwana wa mbale ya nsima. Kubena kumeneku ndiko kumafikitsa nyimbo kwa msodzi ndi wakabaza, ndipo oyimba ena amapereka okha nyimbo zawo kwa anyamatawa kuti zitchuke. Koma pa ndalama imene yasinthana manja pamenepo, palibe njira yodziwira kuti nyimbo ya uje yapita kangati.

Lamulo la 2016 linayesa kutseka mpatawu ndi ndalama yapadera imene imadulidwa pa zida zosungira zinthu, monga mafoni, makompyuta ndi mafulashi, zikamalowa m'dziko. Ganizo lake n'lakuti poti aliyense amakopera, aliyense alipireko pang'ono pogula chidacho. COSOMA imagawa ndalamayi, ndipo ena alandirapo zooneka. Mkangano umakhala pa kagawidwe: poti palibe amene anawerenga zimene zili m'mafoni a anthu, gawo la aliyense limachita kuyerekezedwa, ndipo woyimba wa kumudzi amene samveka pa mawayilesi akuluakulu amaona ngati muyesowo sukumuona.

Za pa intaneti zili ndi malire ake. YouTube ndi Spotify amalipira potengera kuchuluka kwa omvera komanso dziko limene ali, ndipo ndalamayo imapita kwa amene anayika nyimboyo ndi kulembetsa umwini wake. Nyimbo yoyenda pa WhatsApp siyibweretsa kanthu. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, anajambulanso nyimbo zake ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo chakumapeto kwa 2021 imodzi inafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa kambirimbiri m'mayiko amene iye sanapondeko. Kutchukako kunali koona, ndipo kunamubweretsera thandizo ndi ulemu. Koma kunaonetsanso poyera kuti kuchuluka kwa oonera ndi ndalama ya m'thumba n'zinthu ziwiri zosiyana.

Siteji ya kunyanja

Chimbale chitasiya kulipira, chatsala ndi shoo. Mgwirizano umakhala wa mitundu ingapo: woitana kulipira ndalama yokhazikika, kugawana za pageti, kapena bandi kubwereka malo n'kudziyendetsera zonse. Pa njira ziwiri zomalizazi, asanagawane amachotsa za galimoto, mafuta a jenereta poopa kuthima kwa magetsi, achitetezo, zotsatsa, chakudya ndi malo ogona. Mvula ikagwa madzulo amenewo, kapena pakagwa maliro aakulu m'deralo, wa ng'oma amabwerera ndi ya thiransipoti yokha.

Mangochi ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Lake of Stars, shoo yaikulu ya nyimbo ya kunyanja imene Will Jameson wa ku Britain anaiyambitsa ku Chintheche mu 2004, inachitikapo kangapo ku Nkopola. Sand Music Festival, imene Lucius Banda anaiyambitsa mu 2010, inayambira kuno isanakhazikike ku Salima. Pa Tsiku la Anakubala mu October, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, magombe amadzaza ndi anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe. Koma ntchitoyi ndi ya nyengo. Kuyambira January mpaka March kumakhala zii. Ndipo mayina akuluakulu pa chikwangwani amakhala obwera, a kuno n'kupatsidwa masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akadali m'madzi. Okonza amati amatsata amene amakoka anthu pageti. Oyimba a kuno amati munthu sangakoke anthu asanapatsidwe mpata woti amveke. Onse akunena zoona. Kumaukwati nako, kumene kale kunali chakudya cha mabandi, DJ mmodzi ndi laputopu amatchipa kuposa anthu asanu ndi atatu.

Njira ina yatseguka kunja, ndipo n'zodabwitsa kuti imakonda zida zomwe zija za chigubu. Madalitso Band, Yobu Maligwa pa babatoni (besi yopanga okha ya nsambo imodzi) ndi Yosefe Kalekeni pa gitala ndi ng'oma ya kuphazi, ankayimba m'misewu ya Lilongwe asanakayimbe ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ndi kuyamba maulendo a ku Ulaya. Malawi Mouse Boys, anyamata ogulitsa mbewa pamsewu, anajambulidwa ndi Ian Brennan wa ku America, yemwenso anajambula akaidi ndi oyang'anira ndende ya Zomba pa chimbale chimene chinapikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016. Ena amanyadira kuti dziko lamva Malawi weniweni. Ena amafunsa ngati azungu sakungofuna chithunzi cha umphawi, popeza woyimba wa gitala yamagetsi ndi suti saitanidwa kawirikawiri chotere.

Zimene sizinayankhidwe

Funso la woliza zida likadali poyera: kodi kulipidwa kamodzi ku situdiyo n'kokwanira, kapena kachidutswa ka lidi kamene kanyamula nyimbo kaziwerengedwa ngati kupeka? Ngati kaziwerengedwa, adzayeza ndani, poti ambiri salemberana kanthu? Bungwe la oyimba la Musicians Union of Malawi lingalimbikitse mapangano olemba, koma kodi mnyamata amene akupempha mwayi wake woyamba angayerekeze kutulutsa pepala pamaso pa mwini zida?

Za nyimbo za makolo nazo sizinakhazikike. Ngati boma likusunga umwini m'malo mwa anthu, kodi mudzi umene nyimbo inachokera uli ndi gawo, ndipo lingafike bwanji kumeneko? Matepi akale a MBC, mmene muli mawu a oyimba ambiri amene anapita kale, ana awo angawapeze bwanji, ndipo akatulutsidwanso lero ndalama ndi ya ndani?

Kuno kwathu palinso nkhani ya chilankhulo. Wopeka wa ku Mpondasi akayimba m'Chiyao amakhudza mtima wa anthu ake, ndipo wayilesi ya m'dera monga Dzimwe imamusewera. Akayimba m'Chichewa amafika ku Lilongwe, kumene kuli okonza mashoo ndi mawayilesi akuluakulu. Kodi nyimbo yolira tsiku lonse pa wayilesi ya m'dera ndi m'mabala a ku Monkey Bay ikuwerengedwa mofanana ndi yolira kamodzi pa wayilesi ya dziko lonse? Ndipo pamene nyimbo yathunthu ikutheka pa laputopu imodzi, ndani adzagule zida zoti mwana amene lero akuliza chigubu pa Chimwala adzaphunzirirepo kuyimba ndi anzake?